Nkhokwe ya Mafilimu Pakhomo

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa Malemia, ku Nsanje, kwa mphunzitsi wina amene akuti: "Ana anga anayi amalimbirana memory card imodzi ya mafilimu, ndipo ndalama za bandulo zandithera. Kodi ilipo njira yakuti tonse tiziwonera zosungidwa pamalo amodzi?"

Katswiri: Zikomo aphunzitsi. Njirayo ilipo, ndipo makolo athu anaidziwa kale pamene ankamanga nkhokwe imodzi pabwalo, kuti yense wa pabanja azikatapa m'menemo. Nkhokwe yanu ndiyo hard disk, imene ikakhala ya terabyte 1 imasunga mafilimu pafupifupi 1,000, iliyonse ikakhala ya gigabyte 1. Muilumikize ku rauta yokhala ndi polowetsa USB, kapena ku laputopu yakale imene ana anaitaya mtima. Ndipo pafoni iliyonse muikepo VLC, pulogalamu yaulere, imene idzaipeza nkhokweyo pa Wi-Fi ya m'nyumbamo. Apa mutchere khutu, pakuti ambiri amasokera: Wi-Fi si intaneti ayi. Filimu ikuchoka pabalaza kupita kuchipinda, osadzera kwa Airtel kapena TNM, kotero kuti ngakhale tambala imodzi siidzachoka m'thumba mwanu. Nyimbo za oimba athu zokha, chonde, muzizigula moyenera. A COSOMA, oteteza ntchito za aluso, sanakhazikitsidwe pachabe.

Woulutsa: Mayi wina wa pa boma la Nsanje akudandaula kuti disiki yake inafa pamodzi ndi kanema wa ukwati wa mwana wake.

Katswiri: Pepani mayi, pepani ndithu. Madzi akatayika saoleka, ngakhale kuti amisiri ena nthawi zina amapulumutsako pang'ono, mukapanda kuikakamiza disikiyo kuyaka. M'kati mwake muli timbale tozungulira mwaliwiro, ndipo adani ake kuchigwa kwathuko ndi atatu: kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40; magetsi ozima mwadzidzidzi iyo ikulemba, monga tinazunzikira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022; ndi madzi osefukira, amene inu eni ake, amene munaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, simusowa kuuzidwa ndi ine. Chifukwa chake disiki ina muiike pamwamba, popita mphepo, kutali ndi malata. Ndipo ngati muli ndi batire ya sola, mutha kuyatsira rauta, pakuti marauta ambiri amayaka ndi mavoliti 12, koma muyambe mwawerenga zolembedwa kunsi kwake.

Mafilimu a karate akatayika, anyamata a pamsika adzakuikirani ena mawa lomwe. Koma ukwati wa mwana, ubatizo, mawu a agogo amene anatisiya, izi muzikopere pa disiki yachiwiri, muimange m'pulasitiki, mukaisungitse kwa mbale wanu kumapiri a Chididi kapena ku Blantyre, mvula isanayambe.

Woulutsa: Mwamva, mayi. Ena nonse pitirizani kutilembera. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.