Kuunika Mwana Amene Wachita Nkhanza Zogonana: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kuunika kumeneku n'chiyani?

Ndi ntchito ya katswiri wa zamaganizo kapena wa zachisamaliro cha anthu. Amacheza ndi mwanayo, makolo ndi aphunzitsi ake, n'kuwerenganso zimene apolisi analemba. Kugamula mlandu si kwake, ndi kwa khoti. Iye amafufuza chimene chinam'fikitsa mwanayo pamenepo, ndi thandizo limene lingateteze ana ena.

Amafunsa zotani?

Poyamba za mlanduwo: zinachitika kangati, wochitiridwayo anali wamng'ono bwanji, panali kuopseza kapena ayi. Kenako amalowa m'moyo wa mwanayo. Kodi nayenso anagwiriridwapo? Amamenyedwa pakhomo? Amaonera zolaula pafoni? Ali ndi anzake amsinkhu wake, kapena amangokhala ndi tiana? Apa m'pofunika kudekha, chifukwa mwana wogwidwa ndi manyazi saulula tsiku limodzi, ndipo kukana koyamba sikutanthauza kuti ndi wouma mtima. Katswiri wabwino amafunanso zomangirapo, monga agogo amene mwanayo amawamvera kapena sukulu imene amaikonda.

Pali ndondomeko yomwe amatsata?

Ilipo. J-SOAP-II, imene Robert Prentky ndi Sue Righthand anatulutsa ku America mu 2003, ili ndi mfundo 28 ndipo ndi ya anyamata a zaka 12 mpaka 18. ERASOR ya ku Canada ili ndi mfundo 25. Koma izi si maula. Eni ake a J-SOAP-II amalangiza kuunikanso pakatha miyezi 6 iliyonse, poti mwana amasintha msanga. Lipoti la mnyamata wa zaka 13 lisamutsatire mpaka kumera ndevu.

Kodi sadzachitanso?

Ambiri sachitanso. Mu 2016 Michael Caldwell anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 106 wokhudza achinyamata oposa 33,000, ndipo amene anagwidwanso ndi mlandu wotere anali pafupifupi 5 pa 100 alionse. Zoona, pali milandu ina imene sifika kupolisi. Komabe kunena kuti mwana wotere anatheratu n'kulakwitsa.

Nanga kholo kuno ku Malawi lichite chiyani?

Yambani ndi wochitiridwa nkhanzayo: apite kuchipatala msanga, ndipo ngati akukhala nyumba imodzi ndi wolakwayo, asagonenso chipinda chimodzi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linakhazikitsa makhoti a ana, choncho wolakwayo saweruzidwa ngati munthu wamkulu. Nkhaniyi isathere kuseri kwa nyumba ndi chindapusa cha mbuzi. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani kupolisi.