Kambale Kolozera Kumwamba: Malangizo a Intaneti kwa Amene Nyumba Yawo Ndi Galimoto

Kuli anthu ena ku America, ndipo si owerengeka ayi, amene atalingalira za kukwera kwa lendi ndi kulemera kwa ngongole za nyumba, kapena atangotopa ndi kudzuka tsiku ndi tsiku moyang'anana ndi khoma lomwelo, adagulitsa katundu wawo, nabweza makiyi kwa eni nyumba, nalowa m'magalimoto aakulu okhala ndi kama, mbaula, bafa ndi chimbudzi m'kati mwake, amene kumeneko amawatcha RV ndipo ife tidazolowera kuwatcha makalavani. Anthu amenewa sanyamuka Lachisanu kuti adzabwerere Lolemba. Galimotoyo ndiyo mudzi wawo chaka chonse, monga makolo a m'Malembo amene ankakhala m'mahema nasamuka potsata msipu. Chisanu chikagwa kumpoto, zikwi za iwo zimatsikira ku chipululu cha Arizona, pafupi ndi kamzinda ka Quartzsite, ndipo dzuwa likayamba kuwotcha kumeneko amazula zikhomo nakwera kumapiri.

Vuto la makalata adalithetsa kalekale, pakuti bungwe lawo la Escapees, limene Joe ndi Kay Peterson adaliyambitsa mu 1978, limalandira makalata a mamembala ake ku Livingston, m'dera la Texas, ndi kuwatumiza kumene mwini wake wagona sabata imeneyo. Koma lero ntchito, banki, dokotala ndi nkhope za adzukulu zonse zimadzera pa intaneti, ndipo nthambo imene imalowa m'nyumba ya njerwa singathe kulondola galimoto m'chipululu. Kapepala kano kalembedwa kuti kakudziwitseni chida chimodzi chimene chasintha moyo wa apaulendo amenewa, kambale kolandirira intaneti kuchokera ku masetilaiti, ndi kukuchenjezani za zimene kambaleko kamafuna kwa mwini wake, pakuti ogulitsa sachedwa kutchula ubwino wa malonda awo, koma za mtolo wake amazinena monong'ona.

Njira zimene zidalipo kale

Malo ambiri olipira oimikapo makalavani amalengeza pachipata kuti ali ndi Wi-Fi yaulere. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. M'mawa, anthu ali m'tulo, imayenda bwino ndithu; koma madzulo, mabanja onse akakhala pansi kuti aonere kanema, kamtsinje kamodzi kameneko kamagawidwa pakati pa magalimoto ochuluka kotero kuti ngakhale kalata yaifupi imakanika kuchoka. Amene chakudya chake chimadalira intaneti asayike mtima wake pamenepo.

Njira yachiwiri, imene kufikira lero ili msana wa ambiri, ndiyo netiweki ya mafoni. Ku America makampani aakulu ndi atatu, Verizon, AT&T ndi T-Mobile, ndipo chifukwa chakuti pamene ina ili ndi mphamvu inzake imakhala itazimirira, apaulendo ozolowera amasunga masimukhadi a makampani awiri, nawaika mu rauta imodzi, monga za Peplink, yolumikizidwa ku mlongoti wa padenga la galimoto. Ena amagula chokuzira mphamvu ya netiweki, monga cha weBoost, ndipo pano pakufunika kunena mosabisa: chida chimenechi chimakuza kamawu kamene kalipo kale, sichilenga mawu pamene palibe. Mukaima m'chigwa chimene nsanja ya mafoni siichiona, chokuziracho chidzakuza chete yekhayekha. Dziwaninso kuti mabandulo ambiri otchedwa opanda malire ali ndi malire obisika m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo mukapyola muyeso wina liwiro lanu limatsitsidwa.

Kambale ndi magwiridwe ake

Intaneti ya pa setilaiti si yachilendo, koma masetilaiti akale adakhazikidwa kutali kwambiri, makilomita 35,786 pamwamba pa dziko, kumene amaoneka ngati aima malo amodzi monga aja amene madishi a wailesi yakanema amalozako. Ndipo popeza uthenga unkayenera kukwera mtunda wonsewo ndi kutsikanso, kenaka yankho lake n'kuyendanso ulendo womwewo, munthu ankadikira kupitirira theka la sekondi pa funso lililonse, kotero kuti kucheza pa kanema kunkafanana ndi kukuwirana kutsidya la mtsinje. Kampani ya SpaceX, ya Elon Musk, idatsata nzeru ina. M'mwezi wa May 2019 idaponya masetilaiti 60 oyamba a Starlink, ndipo kuchokera pamenepo yaponya zikwi, ambiri a iwo akuzungulira pa mtunda wa makilomita mazana angapo okha. Pokhala pafupi chotero yankho limabwera msanga, mosasiyana kwenikweni ndi intaneti ya m'nyumba. Koma mtengo wa kuyandikirako ndi wakuti setilaiti siima, imathamanga makilomita oposa 27,000 pa ola, nizungulira dziko lonse m'ola limodzi ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Imatuluka mbali ina ya thambo, nidutsa, nilowa mbali ina m'mphindi zochepa, ndipo kambale kayenera kuisiya ndi kugwira inzake imene ikubwera pambuyo, usana ndi usiku, osapuma. Kambaleko sikatembenuka ngati mpendadzuwa pochita zimenezi. Pansi pa nkhope yake yosalalayo pali timilongoti tambirimbiri timene timapotoza mphamvu yake kuloza uku ndi uku popanda chiwalo chosuntha. Sungani mfundo imeneyi, pakuti mavuto onse a pansipa akuchokera pomwepa.

Mu May 2022 kampaniyo idayamba kugulitsa ntchito yake kwa okhala m'makalavani pansi pa dzina lakuti Starlink for RVs, limene mu 2023 lidasinthidwa kukhala Roam. Mu 2024 kudabwera kambale kakang'ono kotchedwa Starlink Mini, kotalika masentimita pafupifupi 30 ndi 25 m'lifupi, kolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, kokhala ndi rauta ya Wi-Fi m'mimba mwake momwemo, kotero kuti kamalowa m'chikwama pamodzi ndi kompyuta. Kwa munthu wokhala m'galimoto, amene malo ndi magetsi zonse n'zomuperewera, ine ndiyesa kakang'onoka ndiko koyenera, ngakhale chimbale chachikulu chimakaposa pa liwiro.

Mthunzi ndiye mdani

Munthu aliyense woyenda ulendo, akafika pamalo dzuwa lili paliwombo, maso ake amafunafuna mtengo, ndipo nzeru imeneyi adaiyamwira. Koma tsiku limene mwagula kambale, mtengo umene udali bwenzi lanu usanduka wotsutsana nanu. Walira mvula walira matope. Popeza masetilaiti amadutsa ponseponse, kambale sikafuna kabowo kamodzi pakati pa masamba monga dishi ya wailesi yakanema, koma kamafuna chigawo chachikulu cha thambo chopanda kanthu. Ndipo nthambi imodzi yokha, imene inu simungaiyese kanthu, idzadula intaneti kwa masekondi angapo nthawi iliyonse pamene setilaiti ibisala kuseri kwake. Woonera kanema mwina sadzazindikira, chifukwa kanema amatunga zamtsogolo nasunga. Koma amene ali pamsonkhano wa ntchito adzaona nkhope ya bwana wake itauma pakati pa mawu, ndipo pobwerera adzapeza nkhani itapita patali. N'chifukwa chake m'chipululu cha Arizona kambale kamakondwa, pamene m'nkhalango za mitengo italiitali za ku Oregon ndi Washington kamasauka, ndipo kumeneko foni yonyozeka ija ndiyo imapulumutsa mwini wake.

Chitani chotere mukafika pamalo. Musanatsitse miyendo ya kalavani, musanatulutse mipando, tsegulani pulogalamu ya Starlink pa foni, imene ili ndi poyesera zotchinga, muloze kamera kumwamba ndi kuzungulira nayo monga ikuuzirani. Idzakuonetsani mbali imene thambo latsekeka. Ku America kambale kawirikawiri kamapendekera kumpoto, ndipo kuno kum'mwera kwa dziko kamapendekera kum'mwera, choncho mtengo wa mbali imeneyo ndiwo woopsa koposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi zisanu zoyendayenda ndi foni m'manja zidzakupulumutsani ku ntchito yomanganso msasa wonse madzulo.

Pano pabuka funso limene apaulendo amatsutsana usiku wonse pamoto, lakuti kodi kambale kamangiriridwe padenga kapena kaziikidwa pansi. Kapadenga sikavuta, sikabedwa msanga, ndipo kamagwira ntchito ngakhale galimoto ikuyenda ngati bandulo yanu ikulola. Koma kamakakamiza nyumba yonse kuima padzuwa. Kapansi kamakulolani kuimika kalavani mumthunzi ndi kukatula kambaleko poyera, pakuti Mini imabwera ndi nthambo ya mamita 15. Koma muyenera kukatola nthawi zonse ponyamuka, ndipo alipo amene adakakumbukira atamva tayala likukaphwanya. Chinanso: rauta ya Mini ili m'kambale momwemo, choncho mukakaika kutali, Wi-Fi imafika m'nyumba itafooka, makamaka m'makalavani a zitsulo za aluminiyamu monga a Airstream, amene khungu lawo limatchinga mphamvuyo. Mankhwala ake ndi kukoka nthambo ya Ethernet kuchokera ku kambale kufikira ku rauta ina ya m'kati.

Za magetsi

Amene amagona m'malo olipira, momwe muli poboola magetsi, angathe kudumpha ndime ino. Koma ambiri amakonda malo aboma a kumadzulo kwa dzikolo, oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management, kumene m'madera ambiri munthu amaloledwa kukhala ulere masiku 14 pamalo amodzi. Ndipo kumeneko kulibe nthambo, kulibe mpopi, magetsi anu onse ndi amene ali m'batire ndi amene sola yakolola tsikulo.

Tiyeni tiwerenge monga mayi awerengera chimanga cha m'nkhokwe. Mini imadya mawati 25 kufikira 40. Chimbale chachikulu chatsopano chimadya 75 kufikira 100. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwanira kuyatsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 12. Koma ngati lili la mtovu ndi asidi, simuyenera kulikama kupitirira theka, mukapanda kutero lidzafa msanga, pamene la lithiamu limalola kukamidwa pafupifupi lonse. Tsono kambale kakang'ono kakayaka maola 10 kadzatenga pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a batire limenelo, pamene chachikulu, m'maola omwewo, chidzadya magawo atatu a magawo anayi, tisanawerengere firiji, nyale, kompyuta ndi pampu ya madzi, zimene nazonso zimadya m'mbale yomweyo. Onjezani apo kuti chachikulu chimabwera chofuna magetsi a m'nyumba, choncho pafunika inveta, imene nayo imadula msonkho wake pa mphamvu iliyonse yodutsamo. Koma Mini imalandira magetsi a batire mwachindunji, kuyambira mavoti 12 kufikira 48. Chenjezo lili pa nthambo: magetsi a mavoti 12 akayenda mamita 15 m'waya woonda amafika atachepa, ndipo kambale kamazima ndi kuyakanso kokha ngati kagwidwa ndi ziwanda. Musakaimbe mlandu, gulani kachida kokweza mavoti kufika 24 kapena kuposa, kapena fupikitsani nthambo.

Zimitsani kambale pogona. M'mayiko ozizira kamadzitenthetsa kuti kasungunule chipale chogwera pankhope pake, ndipo kutenthako kumamwa batire usiku inu muli m'tulo. Ngati kulibe chipale, tsekani zimenezo mu pulogalamu. Mvula yamkuntho imachepetsa liwiro, mwinanso kudula kwa kanthawi, ndipo palibe chochita koma kudikira kuti mtambo upite.

Musataye simukhadi

Safunsa adadya phula. Funsani za bandulo musanalipire. Pali ya muyeso ndi yopanda muyeso, ndipo mitengo ndi malamulo ake zimasinthidwa kawirikawiri, choncho werengani zimene zalembedwa tsiku logulalo, osati zimene mnzanu adauzidwa chaka chatha. Dziwani kuti woyendayenda amaikidwa pambuyo pa okhazikika a m'deralo pamene anthu achuluka, ndipo pamalo ngati Quartzsite mu January, pamene timbale zikwi tilozera thambo limodzi, liwiro la madzulo limatsika. Pachifukwa ichi, ndiponso chifukwa cha mitengo ija, amene amadya za pa intaneti asunge njira ziwiri, kambale ndi foni, ndipo ngati angathe azilumikize ku rauta imodzi yodziwa kusamukira ku inzake pamene yoyamba yagwa, kuti msonkhano usaduke.

Kambale kamaloledwa kugwira ntchito m'mayiko okhawo amene boma lake lavomereza, ngakhale thambo lili limodzi. Kwathu kuno Starlink idayamba mu 2023 ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ku Zimbabwe mu 2024, kotero kuti alendo oyenda ndi magalimoto ogonamo, amene timawaona ataima m'mphepete mwa nyanja ku Cape Maclear kapena ku Chitimba, ayamba kutula timbale tomweti pamchenga. Amene afuna kuwoloka nako malire afufuze dziko lililonse la pa njira yake asananyamuke, afufuzenso kuti bandulo yake imamulola kukhala kunja kwa dziko limene adalembetsera kwa nthawi yotalika bwanji, ndipo lisiti yogulira aisunge pamodzi ndi mapepala a galimoto, pakuti a kasitomu pachipata angafune kuiona.