Kubweza liwiro m'miyendo ya munthu wa zaka 50

Ndili ndi zaka 34 ndinkathamanga makilomita 10 m'mphindi 41. Pofika zaka 51, mtunda womwewo, mumsewu womwewo wa ku Zomba, unkandidyera mphindi 57. Sikuti ndinali nditasiya kuthamanga ayi. Katatu pa sabata ndinkadzuka m'bandakucha, kumanga nsapato, kuzungulira, n'kubwera kudzasamba. Chimene chinachoka ndi liwiro, ndipo pochoka linatenganso mtima wofuna mpikisano. Anzanga akati tiyeni tikalembetse, ndinkayankha kuti zimenezo n'za ana, koma mumtima zinkandiwawa.

Ngati nanunso mwafika pamenepo, dziwani kuti zaka zatengadi gawo lake, koma si zaka zokha zimene zakulandani liwiro. Minofu yathu ili ndi timitsitsi ta mitundu iwiri: tina topirira, togwira ntchito nthawi yaitali, tina tankhongono, tofunika pamene mwendo ukukankha pansi mwamphamvu. Munthu akamakula, timitsitsi tankhongono ndi timene timayamba kufota, makamaka ngati sitikugwiritsidwa ntchito. Tsono amene wakhala zaka khumi akuthamanga mofatsa, liwiro limodzimodzi tsiku ndi tsiku, wakhala akutigoneka yekha. Katumba ndi akakolo zimasiya kukankha, phazi limatera pafupi, ndipo ngakhale miyendo isinthane msanga ngati kale, mtunda suyenda. Chimene simungabweze ndi malire a kugunda kwa mtima, amene amatsika ndi pafupifupi 7 pa mphindi zaka khumi zilizonse, kaya muchite zotani. Zinazo zimabwerera, ndipo njira yake ndi iyi.

Yambirani kuchipatala. Akakuyezeni BP ndi shuga, ndipo muwauze adokotala mosabisa kuti mukufuna kuyamba kuthamanga mwamphamvu. Ngati mumamwa mankhwala a BP, funsani ngati ali m'gulu la amene amachepetsa kugunda kwa mtima, monga atenolol, chifukwa zikatero kuwerenga kugunda kwa mtima pothamanga kungakusokeretseni. Kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro limene mukuthamanga, zimenezo si zolimba nazo mtima: imani, mubwerere kwa adokotala. Ngati mwangodwala kumene malungo, dikirani thupi libwerere kaye.

Mukachoka kumeneko, dziyezeni mmene mulili lero. Sankhani mtunda wa makilomita 3 kapena 5 pamalo osakwera, muthamange mmene mungathere popanda kudzipha, n'kulemba nthawiyo m'kope. Ngati mulibe wotchi yoyeza mtunda, bwalo la mpira likwanira. Kuzungulira bwalo lalikulu bwino kunja kwa mizere ndi pafupifupi mamita 350, ndiye mukalizungulira maulendo 9 mwadutsa pang'ono makilomita 3. Mabwalo a m'masukulu amasiyana kukula, koma zilibe kanthu bola muzibwerera pabwalo lomwelo. Nambala imene mwalembayo ndiye mdani wanu tsopano. Ya zaka makumi awiri zapitazo isungeni ngati mmene mumasungira chithunzi cha tsiku la ukwati, koma musamaiyang'ane popita kothamanga.

Masabata anayi oyamba musasinthe chilichonse pa kathamangidwe kanu ka masiku onse. Mungowonjezera zinthu ziwiri zazing'ono.

Choyamba ndi timaliwiro tifupitifupi kumapeto kwa ulendo wanu wofatsa, kawiri pa sabata. Pezani kapinga kapena dothi losalala la mamita 80 mpaka 100. Nyamukani mofatsa, muziwonjezera liwiro mpaka pakati, mugwire pamenepo masitepe angapo, kenaka muzitsitsa. Zonsezo ndi masekondi 15 kapena 20 basi. Bwererani poyambira mukuyenda mpaka mpweya ukhazikike, ndiye mubwereze. Sabata yoyamba kanayi kokha, pofika yachinayi kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu. Musathamange ngati wothawa galu. Nkhope ikhale yomasuka, mapewa ali pansi, ndipo pomaliza muzimva kuti mukanatha kuwonjezera.

Apa ndikuchenjezeni ndi zimene zinandigwera. Sabata yanga yoyamba ndinapeza anyamata akuchita masewera pabwalo lina la sukulu, mmodzi n'kundiitana kuti, "Adadi, tiyeni tione ngati zikadalipo." Ndinavomera thupi lisanatenthe n'komwe. Tisanafike pakati pa bwalo ndinamva ngati wina wandigenda ndi mwala kuseri kwa mwendo, mpaka ndinacheuka kuti ndione wandigendayo. Panalibe munthu. Anali katumba, atang'ambika. Ndinatsimphina masabata asanu ndi limodzi, ndipo ntchito yonse inayambiranso pachiyambi. Kwa ife akuluakulu, katumba ndi mtsempha wa kuseri kwa chidendene ndi zimene zimayamba kugonja. Mapapo amazolowera msanga, koma mitsempha imatenga miyezi, choncho mudzamva ngati mwakonzeka nthawi yake isanakwane.

N'chifukwa chake chinthu chachiwiri, kulimbitsa miyendo, sindichitenga ngati chongowonjezera. Simufunika jimu. Imani pamphepete pa khonde kapena pa sitepe, zidendene zili m'malere, dzanja litagwira khoma. Kwerani ndi zala zakuphazi, kenaka mutsike pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka atatu, chidendene chipitirire pang'ono pansi pa sitepeyo. Chitani maulendo 12, mupume, mubwereze katatu. Zikayamba kuphweka, chitani ndi mwendo umodzi. Kenaka kunyonyomala ndi kudzuka, mutakumbatira chigubu cha madzi pachifuwa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 n'choyambira chabwino, ndipo cha malita 20 mutha kumachithira madzi owonjezera sabata ndi sabata. Malizani ndi kukwera ndi kutsika pa benchi yolimba, mwendo uliwonse maulendo 10. Zonsezi ndi mphindi 20, kawiri pa sabata. Katundu akhale wolemera moti maulendo awiri omaliza azikuvutani. Wopepuka amangotulutsa thukuta, sadzutsa timitsitsi tija.

Kuyambira sabata yachisanu, pitani pachitunda. Kuno kwathu sitisowa zitunda, kaya ndi msewu wokwera ku Chawe, kaya m'mphepete mwa Soche kapena Michiru. Ubwino wa chitunda ndi woti chimakakamiza mwendo kukankha mwamphamvu pamene phazi silikumenya pansi kwambiri. Sankhani chokwera bwino koma chosachita kufuna manja. Thamangani mofatsa mphindi 15 kuti thupi litenthe, ndiye mukwere mwamphamvu masekondi 10, mutsike mukuyenda. Kasanu n'kokwanira tsiku loyamba. M'masabata otsatira talikitsani mpaka masekondi 30. Potsika yendani ndithu, chifukwa kuthamanga motsetsereka n'kumene kumapweteka mawondo.

Pofika sabata yachisanu ndi chinayi miyendo yakonzeka kugwira liwiro kwa nthawi yotalikirapo. Njira yosavuta ndi imene anthu a ku Sweden anaitcha fartlek m'zaka za m'ma 1930, kutanthauza kusewera ndi liwiro. Mumsewu wa mapolo a magetsi, thamangani mwamphamvu mapolo atatu, mofatsa mapolo atatu, mpaka mphindi 15 zithe. Mukazolowera, gwiritsani wotchi: mphindi imodzi mwamphamvu, imodzi mofatsa, maulendo 8. Patapita masabata awiri kapena atatu, mphindi zitatu mwamphamvu, ziwiri mofatsa, maulendo 5. Mphamvu yake ikhale yoti mutha kutulutsa mawu awiri kapena atatu, koma osati chiganizo chonse. Ulendo womaliza ufanane ndi woyamba. Ngati womaliza wachedwa kwambiri, ndiye kuti munayamba mwaphuma, ndipo sabata yamawa muyambe mofatsirapo.

Tsiku lolimba ngati limeneli likhale limodzi pa sabata. Mukafuna lachiwiri, pakati pake padutse masiku awiri kapena atatu. Thupi silikula pa tsiku lolimbalo, limakula pamene mukupuma, ndipo la zaka 50 limachedwa kudzikonza kusiyana ndi la zaka 30. Masiku enawo thamangani mofatsa zenizeni, moti mutha kucheza ndi mnzanu za mitengo ya feteleza popanda wefuwefu. Ambiri timalakwitsa pomwepa: tsiku lofatsa timalilimbitsa pang'ono, ndiye pofika tsiku lolimba miyendo ili kale yolemera, masiku onse n'kukhala ofanana ngati kale lija. Mukafika apa, sabata yachinayi iliyonse chepetsani zonse ndi theka. Mukadzuka m'mawa chidendene chili chouma moti masitepe oyamba mukutsimphina, limenelo ndi chenjezo, ndipo liwiro lidikire mpaka zitasiya.

Pa chakudya ndinena chimodzi chokha. Nsima timadya yokwanira, koma ndiwo zomanga thupi timaperewera. Munthu wamkulu wochita masewera amafunika magalamu 1.2 mpaka 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wolemera makilogalamu 70 ndiye kuti pakati pa 84 ndi 112, pamene dzira limodzi lili ndi 6 okha. Usipa, matemba, soya, nyemba, nandolo, mtedza ndi chambiko zizipezeka pa chakudya chilichonse, kuyambira m'mawa, osati madzulo okha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala tulukani dzuwa lisanatuluke, ndipo musadabwe liwiro lanu likatsika, ndi kutentha kumeneko. Nsapato za pakaunjika si vuto, koma muzizipinda ndi kuzidina musanagule. Ngati mphira wapakati ndi wophwatalala ndiponso wamakwinya, nsapatoyo inatha kale ngakhale pamwamba pakuwala.

Tsopano za mtima wa mpikisano, zimene kwa ine zinali zovuta kuposa zonse. Ndinazindikira kuti sindinkadana ndi mpikisano. Ndinkaopa kuona wotchi ikundiuza poyera kuti sindinenso munthu uja. Mankhwala ake ndi kusintha anthu amene mukupikisana nawo. Bungwe la World Masters Athletics limayamba kuwerenga akuluakulu pa zaka 35, ndipo limawagawa m'magulu a zaka zisanuzisanu: 50 mpaka 54, 55 mpaka 59, mpaka m'tsogolo. Pa intaneti palinso ziwerengero zotchedwa age grading, zimene zimatenga nthawi yanu ndi zaka zanu n'kukuuzani kuti zikufanana ndi nthawi yanji ya munthu wachinyamata. Anthu ambiri akaziyesa amapeza kuti sanatsike kwambiri ngati mmene ankadziweruzira.

Onaninso zimene anzathu anachita. Ed Whitlock wa ku Canada anamaliza marathon ya ku Toronto mu 2004 m'maola 2, mphindi 54 ndi masekondi 48, ali ndi zaka 73. Mu 2016, ali ndi zaka 85, anaimalizanso maola anayi asanakwane. Malo ake ochitira masewera anali timisewu ta kumanda a pafupi ndi kwawo ku Milton, kumene ankangozungulira yekha. Ku South Africa, Wally Hayward, amene anapambana mpikisano wa Comrades koyamba mu 1930, anaumalizanso mu 1989 ali ndi zaka 80, mtunda wa pafupifupi makilomita 90 pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban. Sindikunena kuti tonse tingafike pamenepo. Anthu amenewa anali ndi mphatso yapadera. Koma amatisonyeza kuti thupi lokalamba limamvabe likaphunzitsidwa.

Ndiye chitani chinthu chogwirika: sankhani mpikisano umene uli miyezi itatu kapena inayi kutsogolo, mulembetse, mulipire, muuze akunyumba. Mtima sudikiridwa kuti ubwere kaye, umabwera tsiku likalembedwa pakalendala. Yambani ndi waufupi. Be More Race ya ku Lilongwe imakhala ndi makilomita 5, 10 ndi 21, ndipo kwa munthu wofuna kubweza liwiro ndingasankhe 5 kapena 10. Porters Race ya ku Mulanje, imene imayambira pa Likhubula n'kukwera phiri makilomita opitirira 20, isungeni chaka chamawa miyendo italimba. Abale athu a ku Johannesburg, Cape Town ndi ku Britain ali ndi mwayi wa parkrun, makilomita 5 aulere Loweruka lililonse m'mawa, pamene nthawi yanu imalembedwa pamodzi ndi gulu la zaka zanu. Pezaninso mnzanu mmodzi wa msinkhu wanu woti muzichita naye tsiku lolimba lija. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo munthu akakhala kuti akukudikirani pamphambano 5 koloko, bulangete silikugwirani.

Sabata ya mpikisano musawonjezere kanthu. Chepetsani mtunda, siyani chigubu, musunge timaliwiro tifupitifupi tija kuti miyendo isagone. Patsikulo fikani msanga, mutenthetse thupi mphindi 15, chifukwa ife sitinyamuka ozizira. Wenzulo ikalira achinyamata adzaphulika ngati njuchi. Alekeni apite. Kilomita yoyamba ikhale yofatsirapo kuposa mmene mtima ukufunira, ndipo ambiri a iwo mudzawapeza kutsogolo atagwira m'chiuno.

Ine ndinabwerera pamzere woyambira ndili ndi zaka 53, patatha miyezi isanu ndi iwiri chichiritsire katumba uja. Makilomita 10 ndinawamaliza m'mphindi 50. Pa kilomita yomaliza panali bambo wina wa imvi ngati ine, tinasinthana kutsogola kawiri, ndipo anandiposa ndi masitepe ochepa. Titawoloka mzere anandigwira paphewa akupumira m'mwamba n'kunena kuti, "Achimwene, chaka chamawa mubwerenso." Ndinalembetsa.

Inu mawa m'mawa, mukamaliza ulendo wanu wa masiku onse, musalowe kaye m'nyumba. Pezani kapinga wa mamita 80, muthamange kanayi kokha, n'kulemba tsikulo m'kope.