Musanatsegule bala ku Nkopola: chiphaso, malamulo ndi udindo wa wogulitsa mowa

Aliyense woyenda mumsewu wochokera ku boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay amaona yekha kuti dera la Nkopola, Makawa ndi Maldeco lili ndi msika wa mowa. Kuli alendo ogona ku Sunbird Nkopola ndi ku Makokola, kuli ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe obwera kumisonkhano, kuli asodzi ndi ogula usipa amene ndalama imawapeza m'mawa nsomba zikatuluka, ndiponso chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikirapo ku Nkopola kangapo, kuphatikizapo mu 2014 ndi 2015. N'chifukwa chake munthu akapeza kampamba maganizo amathamangira ku filiji, makireti ndi masipika, za chiphaso n'kumati tidzaona bizinesi ikayamba kuyenda. Maganizo amenewa ndi amene amagwetsa anthu ambiri. Chiphaso chogulitsira mowa ndi pangano pakati pa inu ndi anthu a m'dera lanu: boma likukulolani kupeza phindu pa chinthu chimene chingathe kuvulaza, ndipo inu mukuvomera kusenza udindo wa mmene chinthucho chikutulukira m'manja mwanu. Walira mvula walira matope. Malangizo otsatirawa akuyenda m'ndondomeko imene munthu wofuna kuchita bizinesi yokhalitsa ayenera kutsata.

Choyamba, dziwani mtundu wa bizinesi imene mukufuna musanagule ngakhale kireti imodzi. Lamulo lalikulu loyendetsera kapangidwe ndi kagulitsidwe ka mowa m'dziko muno ndi Liquor Act, lomwe lili pa mutu 50:07 wa malamulo a dziko la Malawi, ndipo limasiyanitsa malo ogulitsira mowa. Bala, pomwe anthu amamwera pompo, ili ndi chiphaso chake. Sitolo yogulitsa mowa woti munthu akamwere kwina ili ndi chake, chimodzimodzinso hotela, malo odyera, kalabu ndi wogulitsa mopikulitsa. Palinso chilolezo cha masiku ochepa cha amene akufuna kugulitsa mowa pa chikondwerero kapena pa zoimbaimba za m'mphepete mwa nyanja. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa. Malo amene anthu amakhala pansi n'kumamwa amafuna zimbudzi, chitetezo ndi munthu woyang'anira khalidwe la akumwa, pamene sitolo yongogulitsa siyembekezeka kukhala ndi zonsezi. Choncho amene watenga chiphaso cha sitolo kenaka n'kuika mabenchi pakhonde, nyimbo n'kumalira mpaka usiku, akuyendetsa bala yopanda chiphaso ngakhale pakhoma pake papachikidwa pepala la khonsolo.

Chachiwiri, ganizirani malo ndi anthu amene mudzakhale nawo pafupi. Mangochi ndi boma limene muli Asilamu ambiri, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja mzikiti, madrasa, tchalitchi, sukulu ndi nyumba za anthu zimakhala moyandikana. Bala yoyang'anizana ndi chipata cha sukulu kapena yogundana ndi nyumba yopemphereramo imayamba ndi mkangano, ndipo madandaulo a anthu akafika ku khonsolo angathe kukulepheretsani kupeza chiphaso kapena kuchititsa kuti chisawonjezeredwe nthawi. Kaonaneni ndi amfumu a m'mudzimo, lankhulani ndi oyandikana nawo, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, mwini wake alembe kuti akuvomera kuti muzigulitsiramo mowa. Ena amati bizinesi ndi ufulu wa munthu ndipo sakuyenera kupempha kwa aliyense. Ufuluwo ulipodi, koma phokoso la sipika, mikodzo ya kuseri kwa mpanda ndi ndewu za pakati pa usiku zimagwera anthu amene sanalawe n'komwe mowawo. Kuwamvera pachiyambi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kusamutsa bala mutamanga kale.

Chachitatu, lembetsani bizinesi ndipo konzani malowo asanabwere oyendera. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya Registrar General, ndipo nambala ya msonkho, imene anthu amaitcha TPIN, imatengedwa ku bungwe lotolera msonkho la MRA. Kenaka yang'anani nyumbayo ndi maso a wa zaumoyo. Pakhale zimbudzi zosiyana za amuna ndi akazi, zokhala ndi zitseko ndi zovundikira, madzi osamba m'manja ndi sopo, malo otsukira matambula ndi madzi aukhondo, potayira zinyalala ndi mabotolo osweka, mazenera olowetsa mpweya, magetsi ounikira panja ndi khomo lotulukira mosavuta pakabuka moto kapena chipwirikiti. Ku nyanja nkhani ya chimbudzi ndi yaikulu chifukwa nthaka ndi yamchenga ndipo madzi ali pafupi. Dzenje lokumbidwa mwachisawawa limagumuka m'dzinja ndipo zonyansa zimatsikira kumene anthu amatunga ndi kusamba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unavuta kwambiri ku Mangochi. Ngati mudzagulitsanso kanyenya kapena chambo chowotcha, okonza chakudyawo akayezedwe kuchipatala ndipo makalata awo asungidwe pamalopo.

Chachinayi, pitani nokha ku khonsolo mukapemphe chiphaso. Makhonsolo ndiwo amapereka ziphaso za mowa m'madera awo, choncho funsani kuti malo anu ali pansi pa khonsolo ya boma la Mangochi kapena ya m'tauni, mudzaze fomu, mulole a zaumoyo ndi ena otumidwa adzayendere malowo, ndipo mulipire ku ofesi yolandirira ndalama n'kutenga risiti ya khonsolo. Musapereke ndalama kwa munthu wokumana naye panjira amene akulonjeza kukufulumizitsirani zinthu. Kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo pepala lopezeka mwa njira imeneyo limakusandutsani kapolo wa amene anakupatsaniyo. Chiphaso chikatuluka, chiwerengeni chonse: dzina lanu, malo enieni, mtundu wa mowa wololedwa, maola ogulitsira ndi tsiku limene chidzathe mphamvu. Chipachikeni poonekera. Chiphasocho ndi cha munthu ameneyo pa malo amenewo, ndipo simungachibwereketse kwa mlamu wanu kapena kupita nacho ku Nkhudzi Bay kukagulitsira pa mchenga popanda chilolezo china. Kumbukiraninso kuti malo ogona alendo ndi odyera amafuna chiphaso cha zokopa alendo, ndipo woimba nyimbo pagulu, kaya pa wailesi, pa kanema kapena ndi bandi, amayenera kulipira ku bungwe la COSOMA, lomwe limatolera ndalama za eni nyimbo.

Chachisanu, ndipo apa ndi pamene pagona udindo weniweni, musagulitse mowa kwa mwana. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Vuto limabwera chifukwa ku nyanja anyamata ambiri amayamba kugwira ndalama akadali aang'ono, kukoka makoka, kupalasa bwato kapena kuyanika usipa pa thandala, ndiye amafika pa kauntala ali ndi ndalama m'manja ngati akuluakulu. Ndalama si umboni wa msinkhu. Funsani chiphaso cha unzika, ndipo musangochiona patali: chiphasochi chimaperekedwa kuyambira zaka 16, choncho kukhala nacho sikutanthauza kuti munthu wafika zaka 18. Werengani tsiku lobadwa. Mwana wotumidwa ndi bambo ake kudzagula botolo abwezedwe mwaulemu kuti eni ake abwere okha. Chimodzimodzinso pa ntchito: kulemba mtsikana kapena mnyamata wosakwana zaka 18 kuti azigulitsa m'bala n'koletsedwa, ndipo kubweretsa atsikana kuchokera kumidzi powanamiza ntchito kenaka n'kuwakakamiza kugona ndi makasitomala ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani kumene mowa wanu ukuchokera. Pikulani kwa ogulitsa odziwika, sungani marisiti, ndipo yang'anani kuti botolo lililonse n'lomata bwino, lili ndi dzina la kampani yopanga, mlingo wa ukali wake ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS ngati ndi wopangidwa m'dziko muno. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti kudzera m'malamulo a 2015 chifukwa unali wotsika mtengo kwambiri moti ana a sukulu ankaubisa m'matumba a yunifolomu. Mowa waukali wa m'zigubu wopanda dzina, umene ena amauthira m'mabotolo a kampani zodziwika, ndi woopsa kuposa pamenepo. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wosadziwika kapangidwe kake womwe anthu ankautcha Ambuye N'tengeni. Wogulitsa amene wathira chinthu chotere m'tambula ya kasitomala sangadzitchinjirize ponena kuti sanapange ndi iye, pakuti dzanja lomaliza linali lake.

Chachisanu ndi chiwiri, sungani maola ndipo phunzirani kukana. Maola olembedwa pa chiphaso ndi m'malamulo a khonsolo ndi malire, ngakhale bala itadzaza pa Khirisimasi kapena pa tchuthi cha Tsiku la Amayi pamene anthu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe amakhamukira ku nyanja. Munthu amene lilime layamba kulemera, akudzandira popita kuchimbudzi kapena akuputa aliyense, asapatsidwenso botolo lina. Mpatseni madzi, itanani anzake, mupezereni njira yopitira kwawo. Pano pali kutsutsa kumene kumamveka kawirikawiri, kwakuti kasitomala ndi munthu wamkulu, ndalama ndi zake, ndipo wogulitsa si mlonda wake. Mfundoyi imaiwala kuti mowa umayamba kuwononga nzeru yomwe munthu akanagwiritsa ntchito posankha kuleka, moti pa kauntala amene watsala ndi maso abwino ndi wogulitsayo. Imaiwalanso kumene bala za ku Nkopola zili. Kutsogolo kuli msewu wa tala wodzaza ndi njinga zamoto za kabaza, oyenda pansi ndi magalimoto a nsomba. Kumbuyo kuli nyanja ya mafunde a mwera, mvuu ndi ng'ona. Lamulo la pamsewu limaika malire a mowa m'magazi a woyendetsa galimoto pa magalamu 0.08 pa mamililita 100 aliwonse, ndipo munthu amafika pamenepo asanayambe kuoneka woledzera kwambiri. Mlendo woledzera amene akuti akasambe usiku, msodzi amene akufuna kukwera bwato atapapira, ndi wa kabaza amene wanyamula kasitomala atamwa, onsewa amachoka pa khomo la wina wake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa pafupifupi 2.6 miliyoni, ndipo gawo lina la imfazi ndi la ngozi ndi ziwawa zimene wogulitsa watcheru akanatha kuchepetsako.

Kutsutsa kwina n'kwa ndalama, ndipo n'komveka. Mwini bala wotsata malamulo amalipira chiphaso, msonkho ndi zimbudzi, pamene shabini ya kuseri kwa msika ikugulitsa usana ndi usiku popanda cholipira chilichonse. Kupanda chilungamo kumeneku kulipodi, ndipo makhonsolo ndi apolisi ayenera kudzudzulidwa akamalimbana ndi okhawo amene ali m'kaundula n'kusiya osalembetsa. Koma yankho lake si kulowa nawo m'tchire. Wopanda chiphaso angatsekeredwe malo ndi kulandidwa katundu tsiku lililonse, sangapeze ngongole ku banki pa bizinesiyo, sangalandire alendo a m'mahotela amene amafuna malo aukhondo ndi otetezeka, ndipo pakachitika ndewu kapena imfa pamalo pake amaopa kuitana apolisi chifukwa iye mwini ndi wolakwa kale. Eni mabala olembetsa akagwirizana n'kupita limodzi ku khonsolo, mawu awo amamveka, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza mowa imene boma linakhazikitsa mu 2017 ili kumbali yawo pa nkhani yoletsa kugulitsa mwachisawawa.

Chomaliza, udindo umenewu usathere mwa inu nokha. Nthawi zambiri amene amaima pa kauntala ndi wantchito, koma mlandu ukabwera umafika kwa mwini chiphaso. Khalani pansi ndi antchito anu, muwauze momveka kuti simudzawadula malipiro chifukwa chobweza mwana kapena kukana woledzera, lembani malamulowa pa khoma kuti kasitomala aliyense aziwaona, ndipo sungani kabuku kolembamo zovuta zimene zachitika ndi nambala za apolisi ndi chipatala chapafupi. Yambani kukonzanso chiphaso mwezi wathunthu chisanathe mphamvu, ndipo mukafuna kukuza malo, kusintha mtundu wa bizinesi kapena kugulitsa bala kwa wina, kadziwitseni khonsolo musanachite. Zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama, koma ndizo zimachititsa kuti amfumu, oyandikana nanu ndi a khonsolo adzakuikireni umboni wabwino chaka chamawa pamene mukukapempha kuti mupitirize kugulitsa.