Mwana wasukulu ya sekondale akayamba kujomba, musadikire

Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba Lolemba kapena tsiku la msika, makope akungokhala oyera. Mtsikana wa pa CDSS amene akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu amapezeka ndi foni yomwe makolo sanamugulire. Mnyamata amayamba kabaza kuti apeze ya sopo, kenako kalasi imamuiwala. Kholo kapena mphunzitsi akaona izi, akhale naye pansi sabata yomweyo.

Gawo 25 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo mimba siichotsa ufuluwu. Kuyambira mu 1993 boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mtsikana akatenga mimba, makolo apite kwa mphunzitsi wamkulu kukalembetsa kuti mwana wayamba wapuma, malo ake asatayike. Akamukaniza pobwerera, kadandauleni ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu. Atsikana ambiri amagonja chifukwa cha manyazi ndi kunyozedwa ndi anzawo, ndiye m'pofunika kuti aphunzitsi aletse chipongwecho poyera.

Kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18 n'kuphwanya lamulo; Nyumba ya Malamulo idatseka mpata wokwatiwitsa ana mu 2017. Mukaona izi, nenani kwa amfumu, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena imbani 116 kwaulere.

Ngati vuto ndi umphawi, funsani za thandizo la ana ovutika ku ofesi yosamalira anthu kukhonsolo, komanso ku mabungwe ngati CAMFED amene amalipirira atsikana.