Louis Armstrong ndi Aphunzitsi Ake

Mphunzitsi wa zoimba m'sukulu ya pulaimale amakumana ndi funso limodzi chaka ndi chaka: kodi mwana ayambire pati, pa khutu kapena pa bolodi? Ambiri a ife timayambira pa bolodi. Timajambula mizere isanu, timaikapo timadontho, ndipo ana amakopera m'makope mwao ali zii ngati ali pa mlandu. Belu likangolira, ana omwewo amatuluka panja n'kuyamba kuimba mopolokozana, manja akuomba bwino lomwe, popanda wowauza. M'nkhani ino tifuna kulingalira za funsoli poona m'mene Louis Armstrong, katswiri wa nyimbo za jazi, anaphunzirira luso lake, ndiponso anthu amene anamuphunzitsa.

Jazi ndi mtundu wa nyimbo umene unabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, makamaka mu mzinda wa New Orleans, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anthuwa anali zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa, ndipo mu mzindamo munali bwalo lotchedwa Congo Square pamene akapolo ankaloledwa kuomba ng'oma ndi kuvina tsiku la Mulungu. Nyimbo za m'tchalitchi, nyimbo zodandaula zotchedwa blues, ndi magulu a malipenga operekeza maliro m'misewu, zonsezi zinasanganikirana. Chimene chimasiyanitsa jazi ndi nyimbo zina zambiri n'chakuti woimba amapeka mbali yake pomwepo, nyimbo ili mkati, koma osataya mayendedwe a anzake.

Armstrong anabadwa pa 4 Ogasiti 1901 m'dera losaukitsitsa la New Orleans. Sukulu anaisiya ali wamng'ono, ndipo ankaimba m'misewu ndi anzake atatu kuti odutsa awaponyere timakobiri. Usiku wa pa 31 Disembala 1912 anaombera mfuti m'mwamba posangalalira chaka chatsopano. Anamugwira, n'kumutumiza ku nyumba yosungirako anyamata akuda opulupudza, yotchedwa Colored Waif's Home. Kumeneko kunali mphunzitsi wa zoimba, Peter Davis.

Apa m'pofunika kuti tiime pang'ono, chifukwa zimene Davis anachita zikukhudza ntchito yathu. Poyamba sanamukhulupirire mnyamatayo, poti ankadziwa mbiri ya dera limene anachokera. Atamulola kulowa m'gulu la oimba, sanamupatse lipenga tsiku loyamba. Anamupatsa kang'oma ka m'manja kokhala ndi tizitsulo m'mbali, kenaka ng'oma, ndipo pambuyo pake malipenga, mpaka anafika pa lipenga lotchedwa cornet. Pa sitepe iliyonse mnyamatayo ankaimba pamodzi ndi anzake, ndipo udindo wake unkakula pang'onopang'ono kufikira anakhala mtsogoleri wa gululo. Anatuluka mu 1914, atakhalamo pafupifupi chaka ndi theka. Taonani dongosolo lake: kugunda kwa nyimbo poyamba, mau a nyimbo pambuyo, ndipo zonsezo m'gulu. Taonaninso kuti mphunzitsi amene anayamba ndi kukaikira mwana analola kusintha maganizo ataona zimene mwanayo akuchita. Mu 1965 awiriwa anaonekera limodzi pa wailesi ya kanema ku America, Armstrong ali wotchuka pa dziko lonse, Davis ali nkhalamba.

Mphunzitsi wachiwiri anali Joe Oliver, amene anthu ankamutcha King Oliver. Iyeyu analibe kalasi. Mnyamatayo ankamutsatira, kumunyamulira lipenga, ndi kumvetsera. Mu 1922 Oliver anamuitanira ku Chicago kuti akhale woimba lipenga wachiwiri m'gulu lake. Anthu ankazizwa kumva awiriwo akulowa pamodzi m'chigawo chimene panalibe pamene chinalembedwa. Chinsinsi chake chinali chakuti Oliver ankayendetsa zala pa lipenga mwakachetechete nthawi isanakwane, Armstrong n'kuona, n'kupeza m'mutu mwake mau ogwirizana nao. Amenewo ndi maphunziro a khutu ndi diso, ofanana ndi a mwana amene amakhala pambali pa woomba ng'oma ya chimtali mpaka tsiku lina amupatsa kuti ayese.

Wina asaganize kuti tikunyoza manotsi. Armstrong anawaphunzira, ndipo anawafunadi. Asanapite ku Chicago anagwira ntchito m'gulu la Fate Marable pa sitima za pa mtsinje wa Mississippi, kumene woimba aliyense ankayenera kuwerenga nyimbo zolembedwa. Koma pofika nthawi imeneyo anali ataimba kale zaka zingapo, motero zizindikiro za pa pepala zinkaimira mau amene khutu lake linkawadziwa. Kwa mwana amene sanamvepo mauwo, kadontho ka pa mzere wachiwiri ndi kadontho chabe. Pambuyo pake Lil Hardin, woimba piyano m'gulu la Oliver amene anali ataphunzira zoimba, anakwatirana naye mu 1924 ndipo anamulimbikitsa kuti aleke kubisala kumbuyo kwa Oliver. Kuyambira 1925 Armstrong anajambula mbale za galamafoni ndi gulu lake la Hot Five, Lil ali pa piyano. Nyimbo ya West End Blues ya mu 1928 inaonetsa kuti munthu mmodzi angathe kuimirira pakati pa gulu ndi kukamba nkhani yake pa lipenga, ndipo oimba jazi a pambuyo pake anatsata njira imeneyo. Anamwalira pa 6 Julaye 1971.

Mbiri yake inafika kuno kum'mwera kwa Africa mwa njira zingapo. Mu 1954 anajambula nyimbo ya Skokiaan, imene anaipeka August Musarurwa wa ku Bulawayo, ndipo awiriwa anakumana pamene Armstrong anacheza ku Southern Rhodesia mu 1960. Ku Johannesburg, wansembe Trevor Huddleston anapezera lipenga mnyamata wina wa pa sukulu ya St Peter's amene ankavuta, dzina lake Hugh Masekela. Mu 1956 Huddleston anafotokozera Armstrong za gulu la anyamata a pa sukulupo, ndipo Armstrong anatumiza lipenga lake. Masekela anadzakhala woimba wodziwika m'maiko ambiri mpaka imfa yake mu 2018. Kwathu kuno mau akuti jazi anamera mizu yaoyao. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatchuka ndi nyimbo za kwela, ndipo Alan Namoko anatcha gulu lake Chimvu Jazz. Anyamata amene amasema banjo ndi kumanga ng'oma ya chingwe chimodzi kuseri kwa nyumba amati ali ndi jazi. Kawirikawiri amenewa ndi omwe aja timawakhazika kumbuyo kwa kalasi.

Tsono tingachite chiyani ndi ana 60 kapena kuposerapo, tilibe lipenga ngakhale limodzi? Tikupereka phunziro limodzi loyenera Sitandade 5 kapena 6, lozikidwa pa kamangidwe ka blues. Ndime ya blues imakhala ndi mizere itatu. Mzere woyamba umanena vuto, wachiwiri umabwereza woyambawo, wachitatu umayankha. Mzere uliwonse umatenga kuomba m'manja ka 16, ndiye kuti ndime yonse ndi ka 48. Mau amadzaza theka loyamba la mzere, ndipo theka lotsalalo ndi danga la woyankha.

Yambani ndi manja okha, ana akuwerenga kuyambira 1 mpaka 4 mobwereza, kufikira kalasi lonse likuyenda pamodzi. Musafulumire apa, ngati phunziro loyamba lonse lithera pa kuomba m'manja, silinaonongeke. Kenaka pemphani ana kuti apereke mzere wonena za vuto limene akulidziwa, monga wakuti "Mvula yagwa, mtsinje wadzaza." Auimbe kawiri, ndipo apeze wachitatu, mwina wakuti "Ndiwolokera pati kupita kusukulu?" Mau a nyimbo atengedwe kwa ana, mphunzitsi angothandiza kuti akwane m'malo mwake. Zikatero, gawani kalasi pawiri. Gulu lina liimbe mizere, ndipo m'danga lija mwana mmodzi ayankhe mwa njira yake: ndi likhweru, chisekese, chitini, kapena mau opanda tanthauzo monga Armstrong ankachitira. Ndime ikatha, danga lipite kwa wina.

Malamulo ndi awiri okha, ndipo muwanene poyamba. Woyankha asapitirire danga lake, ndipo wina aliyense asaseke mnzake. Lamulo lachiwirilo ndilo lovuta, makamaka kwa ife aphunzitsi, pakuti nkhope yathu imaseka ngakhale pakamwa pali potseka. Mwana wamanyazi mumulole ayankhe ndi kuomba m'manja kokha sabata loyamba. Atsikana alandire zoimbira mofanana ndi anyamata, osati kuwasiyira kuvomera basi.

Bolodi libwere sabata lachitatu. Pamenepo lembani kagundidwe ka mzere umene ana auimba kale, muwafunse kuti aloze pamene pali mau akuti "mvula" ndi pamene pali danga. Amene muli pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa teremu ino mulembe m'buku lanu maina a ana amene anayankha m'danga, ndipo muwayerekeze ndi maina a amene amakweza mkono pa phunziro la masamu. Mubwere nao maina amenewo pobwerera ku koleji kuti tidzakambirane.