Phunziro la Mbiri: Siteshoni ya Chindio

Pa gombe la kumpoto la mtsinje wa Zambezi, m'dziko la Mozambique, pali malo otchedwa Chindio. Ana ambiri a sukulu salidziwa dzinali, koma kwa zaka ngati 20 pamenepo ndipo panali khomo la dziko la Nyasaland, lija tilitcha Malawi tsopano. Tiyeni tione chimene chinaimika siteshoni pamalopo, ndi chimene chinaitseka.

Poyamba katundu wa dziko lathu anali kuyenda pamadzi. Sitima zinachokera ku Chinde, kumene Zambezi athira m'nyanja yamchere, nizikwera mtsinjewo kufikira zitalowa mu Shire. Ndipo pamene zinalekeza, amtengatenga anasenza akatunduwo pamutu kukwera nawo ku Blantyre. Koma m'zaka zimenezo madzi a Nyanja anatsika, ndi Shire yemwe anaphwa, kotero kuti sitima zinatsakamira pamchenga. Njanji ya kampani ya Shire Highlands Railway inatsegulidwa m'chaka cha 1908, kuchokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, kufikira ku Blantyre. Posakhalitsa kunaoneka kuti ngakhale pa Port Herald madzi anali kuchepa m'chilimwe.

Tsono anamanganso njanji ina ya mailosi 61, yotchedwa Central Africa Railway, kutsika kumwera m'dziko la Apwitikizi kufunafuna madzi akuya. Inatha pa nyengo imene inali kuyamba nkhondo yaikulu ya 1914, ndipo polekezera pake ndi pa Chindio. Pamenepo fodya, thonje ndi tiyi zinatsitsidwa m'sitima ya pamtunda ndi kukwezedwa m'sitima za pamadzi zopita ku Chinde.

M'chaka cha 1922 njanji ya Trans-Zambezia, yochokera cha ku Beira, inafika pa Murraça, tsidya lija la mtsinje, popenyana ndi Chindio. Apa ndipo owerenga ayenera kulingalira bwino. Njanji ziwiri zinayang'anana, koma pakati pake panagona Zambezi. Mtolo uliwonse unatsitsidwa pa Chindio, nuikidwa m'ngalawa zokokedwa ndi sitima, nuoloka, nutsitsidwanso pa Murraça, nukwezedwanso. Apaulendo nawonso anachita chimodzimodzi, ndi ana awo ndi mitolo yawo. M'chilimwe madzi anathawa pa dooko, nasiya mchenga wautali. M'dzinja anasefukira, namiza magombe ndi kuononga njanji. Katundu anachedwa masiku ambiri, wina anavunda, ndipo mtengo wa kutumiza zinthu unakwera. Ndipo ine ndiyesa kuti mlimi wa thonje wa kuchigwa cha Shire, amene sanaione Chindio ndi maso, analipira nawo mtengowo pa mtengo wochepa umene anamgulira thonje lake.

Zindikirani tsono kuti ntchito yonse ya siteshoniyi inachokera m'vuto limeneli la kuoloka. Anthu onyamula katundu, opalasa ndi olemba mabuku anapeza ntchito pamenepo chifukwa mtsinje unali wopanda mlatho.

Mlathowo anaumanga kumtunda kwa mtsinje, pakati pa Sena ndi Dona Ana, pafupi ndi Mutarara. Anaumanga a kampani ya ku England ya Cleveland Bridge, ndipo kutalika kwake kupitirira mailosi 2. Unatsegulidwa m'chaka cha 1935. Njanji ya ku Port Herald anaipatutsa kuti ilunjike ku Dona Ana, ndipo kuyambira pamenepo sitima inachoka ku Blantyre nikafika ku Beira osatsitsa katundu panjira. Chindio inatsala pambali, pa nthambi ya njanji yopanda woifuna.

M'zaka za m'ma 1980, pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, mlatho uja unathyoledwa, ndipo njira ya ku Beira inatsekeka zaka zambiri. Ngakhale pamenepo dooko la Chindio silinaukenso, pakuti katundu wa Malawi anayamba kuyenda m'magalimoto pamisewu.